Wolemba wa ku Chipata

Nditatumizidwa kukaphunzitsa ku Kamwendo, munthu woyamba kundibwereka buku anali bambo wina wachisilamu amene anali ndi shopu ya makope, mabolopeni ndi makina a fotokope. Kuseri kwa kauntala ankasungako katoni ya mabuku akale ogula kwa amalonda odutsa paboda. Onse anali a nkhani zopeka: anthu okhala kumwezi, maloboti okana ntchito, mizinda yolenjekeka m'mitambo. Olemba otchuka bambowo analibe nawo ntchito.

"Otchukawo aliyense akuwadziwa, aphunzitsi," ankatero. "Werengani uyu. Palibe amamutchula, koma mudzandiuza."

Kawirikawiri ankalasa. Ndinawerenga olemba amene mayina awo sindinawamvenso kwina kulikonse.

Tsiku lina anandipatsa mapepala otayipa, omanga ndi ulusi, opanda chikuto, opanda dzina, ndipo anali a m'Chichewa. Anati wolemba wake ndi wa ku Chipata, wosadziwika n'komwe. Limeneli linali theka chabe, linalo adzandipatsa ndikawauza maganizo anga. Polankhulapo maso awo anali pamakina, osati pa ine.

Inali nkhani ya mudzi umene mvula inauthawa, eni ake n'kukwera chombo kukalima mtedza kudziko lina lakumwamba. Mtedza wakumeneko unkasunga mawu a abale otsala kuno. Ukauswa, unkamva mayi ako akukuitana. Ndinaiwerenga kawiri, tiyi mpaka kuzizira.

Koma ine ndine munthu wokayika. Mayi anga ankati ndimanunkhiza ngakhale madzi akumwa. Wa ku Chipata wanji wosalembapo "nifuna" olo kamodzi? Chichewa chake chinali chathu chomwechi. Komanso chombo chija chinanyamukira pansi pa mtengo wa mango wong'ambika ndi mphezi, ngati womwe akabaza amadikirirapo anthu kutsogolo kwa shopuyo. Ndinati basi, bambowa alemba okha, akundiyesa chitsiru. Ndiye kuti mabuku onse aja inali nyambo? Zinandiwawa, ndipo ndinaganiza zowatchera msampha.

Tsiku la msika ndinapita kushopu. Pakhomo panali akazi awo monga mwa masiku onse, mpango kumutu, beseni la zitumbuwa patsogolo. Ine ndi mayiwo tinkangopatsana moni basi.

"Mwawerenga, aphunzitsi?" anafunsa bambowo.

"Ndawerenga. Wa ku Chipata wanuyo mumuuze azingolima fodya. Mtedza wolankhula! Mwana wa sitandade faifi angalembe zabwino kuposa izi."

Ndinanena mokweza dala, maso ali pankhope pawo, kudikira kuti apse mtima, adziulule, kenako tiseke, ndiwauze zoona. Sanapse mtima. Anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Chabwino, aphunzitsi. Ndimuuza."

Analandira mapepalawo ndi manja awiri. Ine ndinatuluka ndikuti bambowa ndi ouma mutu, koma agonja posachedwa. Mlungu wonse ndinkadutsa pashopupo, ndipo za theka lotsala sanatchulepo. Inenso sindinawauze zoona zija.

Msika wotsatira ndinagula zitumbuwa kwa mayiwo, n'kupita nazo kusukulu. Pomasula ndinaona kuti andikulungira m'tsamba la kope, lolembedwa ndi bolopeni ya buluu mbali zonse ziwiri. Mafuta anali atalowerera, koma mawu ankawerengeka: chombo, mtedza, mayi. Inali nkhani yomwe ija, kupitirira pamene ndinalekera. Kalembedwe ka bambowo ndinkakadziwa, poti ankalemba dzina lawo m'buku lililonse. Aka sikanali kawo. Zilembo zozungulirazi ndinkaziona tsiku ndi tsiku pakatoni yotsamira beseni la mayiwo, ponena kuti ZITUMBUWA ZOTENTHA.

Ndinasiya kalasi, n'kukwera kabaza. Ndinawapeza mayiwo akupukuta beseni, lili mbee.

"Mayi, pepala ili..."

"N'lokulungira, aphunzitsi. Nyuzi zinatithera."

"Ndinanama tsiku lija. Ndimafuna kuwakola bambo. Nkhani ija ndi yabwino kuposa zonse za m'katonimo. Chonde, masamba enawo ali kuti?"

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba, mosakwiya, ngati mmene umayang'anira munthu wofika basi itapita. Kenako analoza ndi mutu kumsika, kumene anthu ankabalalika ndi njinga ndi madengu awo.

"Lero makasitomala anali ambiri," anatero.

Bambowo anapitiriza kundibwereka mabuku mpaka pamene ndinasamutsidwa, koma mawu aja akuti "mudzandiuza" sanawanenenso. Tsamba lija ndikadali nalo. Limathera pamene mayi wina waika mtedza kukhutu, asanauswe.