Dzenje limene achimwene anakumbira galu wanga

Galu wanga anayamba kutsokomola mpunga utangoyamba kucha, nthawi ya mwera. Ndinkalima ku Bwanje, ndipo iye ndiye ankandithandiza kupirikitsa mbalame. Ankathamanga m'mphepete mwa munda akuuwa, kenako n'kudziponya mu ngalande, m'mawa kukuzizira. Ndinkamukalipira, koma galu ndi galu.

Poyamba ndinkayesa watsamwa ndi munga wa nsomba. Posakhalitsa anasiya kudya, mamina ali m'mphuno, dovu lili kukamwa. Akamapuma nthiti zinkachita kukokeka, m'chifuwa mukulira ngati mluzu. Kuuwa kunatheratu. Pabwalo panangoti zii, ndipo zinandipweteka kuposa momwe ndinkaganizira.

Achimwene anga aakulu, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga, anabwera n'kuima chapatali.

"Achemwali, ichi ndi chiwewe. Pano pali ana. Tiphe basi."

"Chiwewe chake chiti? Katemera ndinamubayitsa chaka chomwechino."

"Nanga dovulo?"

"Inunso mukagona dovu limatuluka. Tinakuphani?"

Sanaseke. Anatenga khasu n'kukakumba dzenje kuseri kwa nyumba yanga, pafupi ndi bafa, ati akundichepetsera ntchito. Mantha awo ndinkawamvetsa, chiwewe si chosewera nacho. Koma kukumbira manda galu akupuma! Mtima unandiyaka.

Kutacha ndinamubereka galuyo ndi chitenje ngati mwana, ulendo wa kwa alangizi a ziweto ku Golomoti. Wakabaza woyamba anakana kutinyamula. Wachiwiri anavomera atamaliza kuseka. Ku Golomoti tinapezako msika utadzaza, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anakuwa: "Amayi, mwanayo wafanana ndi ndani?"

"Ndi amuna anu!" ndinatero. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba, ine n'kumapitirira.

Alangizi a ziweto anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kumvetsera m'chifuwa. Atamuikira madzi m'mbale, galu ananyambita pang'ono.

"Mayi, ichi ndi chibayo, si chiwewe," anatero. "Koma chamugwira kwambiri. Asagone pozizira, ndipo ana asamuyandikire kaye. Akapanda kuyamba kudya, sindikulonjezani kanthu."

Anamubaya jakisoni, n'kundipatsa mankhwala okamumwetsa. Anandiuzanso kuti ndizimufukiza ndi nthunzi ya madzi okha, osaikamo masamba a bulugamu monga tinkachitira nthawi ya kolona.

Kwathu galu salowa m'nyumba. Wanga ndinamuyalira chiguduli kuchipinda kwanga, ndipo nkhani inamveka mpaka pa mjigo. Anthu ankati mayi uja mutu wasokonekera. Ndinawasiya alankhule, pakamwa ndi pawo. M'mawa ndi madzulo ndinkatereka madzi, n'kufunda naye bulangete limodzi, beseni lotentha lili pakati pathu. Tinkatulukamo tonse titanyowa, ine thukuta lili kamukamu, iye mamina atasungunuka. Ndinkaphika phala lamadzimadzi, n'kusinjiramo usipa ndi mankhwala aja, n'kumamuthira ndi supuni m'mbali mwa kamwa. Lambiri linkathera pa chitenje changa.

Kumunda mbalame zinachita phwando. Ndinkadziwa kuti mpunga ukupita, koma sindikanatha kukhala mbali ziwiri.

Achimwene akamadutsa ankafunsa, "Wodwala wadzuka bwanji?" Maso awo ali kuseri kwa nyumba. Ine popita ku bafa ndinkayang'ana kumbali kuti dzenjelo ndisalione.

Tsiku lina galu analephera ngakhale kudzutsa mutu. Phala linkangobwerera. Masana amenewo ndinapita ndekha kukaima pa dzenje lija, n'kuliyang'ana kukula kwake. Linali lomukwana bwinobwino, ndipo ndinalira. Kenako ndinapukuta misozi n'kukaterekanso madzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa lake anatulutsa lilime n'kunyambita supuni yekha. Sindinauze munthu, kuopa kuti ndingasekedwe kawiri. Kenako anayamba kunyambita m'mbale. Mluzu wa m'chifuwa uja unayamba kuchepa, ndipo ndinayamba kumutulutsa kuti aothere dzuwa pakhonde.

Ali pakhonde pomwepo m'mawa wina, achimwene analowa pabwalo khasu lili paphewa, ulendo wa kudimba. Galu anadzuka, miyendo ikunjenjemera, n'kuwauwa. Mawu ake anali osasa ngati a tambala wongoyamba kulira, koma kunali kuuwa. Ndinaponya tsache pansi n'kuimba nthungululu mpaka anansi anatuluka, kuyesa kwabadwa mwana.



"Khasu muli nalo kale, achimwene," ndinatero. "Dzenje lanu lija lisapite pachabe."

Ndinakazula mphukira ya nthochi n'kuwapatsa m'manja. Anadzala okha, akung'ung'udza kuti mkazi ine ndine wa makani kuyambira ndili mwana. Madzi ochokera ku bafa anachita zotsalazo.

Mpunga chaka chimenecho ndinakolola wochepa, ndipo sindinadandaule. Nthochi ija inabereka, mkoko woyamba ndinakautula kwa achimwene, iwo n'kulandira osayang'ana kumaso kwanga. Galuyo alipobe, ndipo mu ngalande amadziponyabe. Dzuwa likatentha amapita kuseri kwa nyumba, n'kukagona mu mthunzi wa nthochiyo, pamwamba penipeni pa dzenje lake, akuliza mkonono.