Boti Lomwe Linamira Pakhomo Pathu

Chaka chimene amuna anga anabwera ndi boti kunyumba, anthu a mu Kanyama anatipatsa ulemu umene sitinaupemphe. Botilo linali la abwana awo, lopita nalo ku Kafue kukasewera pamadzi. Amuna anga anali makanika pagalaja ya abwanawo, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inkatidyetsa tonse asanu. Mu Juni abwana anati kwazizira, boti lisungidwe. Analitsitsira pa matayala akale pakhomo pathu, ngolo yokokera botilo n'kubwerera nayo.

Injini ya boti lotere imayamwa madzi a mumtsinje kuti isatenthe, choncho polisunga madziwo amayenera kuchotsedwa. Amuna anga anali ndi buku lake lachingerezi, lolembedwa kudziko kumene madzi amaundana mpaka kuswa mapaipi. Anatsuka injini ndi madzi abwino amene ndinasenza ine, anamasula mapaipi, madzi onse n'kukhuthuka. Kenako anathiramo mankhwala ofiira oletsa madzi kuundana. Ku Kanyama kuno, kumene kuzizira kwathu kumathera pong'amba milomo ndi zidendene.

Pomaliza anazula chotsekera cha pansi pa boti, n'kusiya kabowo.

“Atate ake, bowolo mwalisiyiranji?” ndinafunsa.

“Buku likuti mvula ikagwa madzi azitulukira pansi.”

“Kuno madzi sachokera kumwamba kokha. Amatumphuka pansi.”

“Umakanika unauphunzira kuti iwe?”

Ine ndinabadwira mu Kanyama, iwo anakulira ku Matero kumene madzi satumphuka pansi, koma amene ali ndi buku ndiye wanzeru. Chotsekeracho anachipukuta bwinobwino n'kuchibisa m'thumba la jekete yakutchalitchi.

Mayi woyandikana nafe akamadutsa ankati, “Ba neba, imwe mwapulumuka. Manzi yakabwera mutinyamuleko.” Amuna anga ankangomwetulira ngati botilo analigula okha.

Kuzizira kunatha, palibe paipi inasweka, ndipo ananditchulira zimenezo kangapo. Abwana anapita kunja, boti linangokhala. Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu. Tinadzuka madzi ali m'mawondo, akuda, osakanikirana ndi za m'zimbudzi za mzere wonse. Bafa langa lochapira linayandama n'kupita kukaona anthu kumsika. Boti lokha ndi limene silinayandame. Linamwa madzi pa kabowo kaja mpaka injini yonse inabisika, ndipo anthu anaima pa njerwa kumaonerera.

Abwana atabwera anaima kumsewu, poopa kunyowetsa nsapato. Sanakalipe. Anangoti, “Bweretsani makiyi a galaja.” Amuna anga anapisa m'jekete ija, anatulutsa makiyi, chotsekera chija n'kutulukira limodzi, chouma, chonyezimira. Anachipereka ndi manja awiri.

Ndinali nditakonza mawu anga miyezi yonse ija. Nditaona mmene anabwererera m'madzimo, atapinda buluku, osayang'ana munthu, mawuwo ndinawataya. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa kuposa boti.

Sabata yotsatira ndinayala tebulo pamsewu n'kuyamba kugulitsa tinsomba touma ta kapenta. Buku lija linali ndi masamba ambiri, a pepala labwino, ndipo ndinakulungiramo kapenta wa makasitomala mpaka Isitala.