Mboni Yolira Si Mboni Yabodza

Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandiuza kuti ndichotse mutu wachitatu. Anali mayi a ku Kenya konkuno, aulemu, oyankhula motsitsa, koma akati ayi ndi ayi basi. Ine ndine mwana wa ku Machinga, ndipo kwathu amadziwa kuti liuma ndinabadwa nalo. Mutuwo sindinauchotse.

Ndinkaphunzira mbiri ya zipembedzo pa koleji ina ku Lang'ata, kumene ndege za pa bwalo la Wilson zimadula mawu aphunzitsi ali pakati pa chiganizo. Mutu wovutawo unkanena za munthu wina wakalekale wa mumzinda wa Kufa, ku Iraki, amene anasonkhanitsa nkhani za imfa ya mdzukulu wa Mtumiki wathu ife Asilamu, uja anaphedwa pankhondo m'chipululu pamodzi ndi abale ake, adani atawamana madzi, amene Asilamu a gulu la Ashia amamulira chaka ndi chaka mpaka lero. Wolembayo kunkhondoko kunalibe. Ankafunsa amene anaona, kapena amene anamva kwa iwo, n'kulemba kuti wakuti anandiuza kuti anamva kwa wakuti. Akatswiri akale osanthula hadisi, mawu a Mtumiki aja, anamukana. Ankati ndi wofooka, wokondera Ashia. Kwathu tikanangoti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ine ndine Msuni, sindine wa gulu la Ashia, ndinakulira m'madrasa, koma mtima unkandiuza kuti munthuyu tikumulakwira. Chifukwa chogwirika ndiye ndinalibe. Aphunzitsi anandichenjeza kuti wodzandiyesa ndi shehe wodziwa Chiarabu kutiposa tonse, ndipo mutuwo ukagwa, digiri igwa nawo. Ndinkachita mantha, ndisaname. Kubwerera kumudzi ndi sutikesi yokha si chinthu chosekera.

Masiku omwewo tinaferedwa. Bambo wina wa Chimalawi, wogwira ntchito kubungwe la tchalitchi, anakomoka kunyumba kwake ku Donholm ndipo anamwalira ali panjira yopita kuchipatala ku Upper Hill. Kuno kutali maliro safunsa mpingo. Ndinavala mpango wanga, ndinakwera minibasi imene kuno amati matatu, ndinakakhala pansi pamodzi ndi amayi a chigwirizano.

Mkulu wa gulu lathu la Amalawi, bambo a imvi a ku Dedza, ndiwo anayenera kupereka uthenga kwa atsibweni a malemu kumudzi. Asanagwire foni, anafunsa anamfedwa, akazi a malemu, mmene zinayendera. Mayiwo, misozi ili chuchuchu, anati, "Anandifinya dzanja tili pa jamu ya magalimoto pa Jogoo Road. Anati usamale ana."

Kenako anafunsa mnansi wa Chikenya amene anayendetsa galimoto. Iye anapukusa mutu. "Pole, mzee, lakini mimi sikusikia kitu." Anati sanamve kanthu, ndipo mmene ankaonera, malemu anali atakhala kale chete potuluka pageti.

Akuluwo anaimba kumudzi n'kunena zonse ziwiri, kuti mayi a kunyumba akuti zakuti, woyendetsa akuti zakuti. Atatsitsa foni, pakamwa panga panandiyabwa monga mwa nthawi zonse.

"Bambo, bwanji osangonena chimodzi? Akumudzi simuwasokoneza?"

"Mwana wanga, uthenga wa maliro sausalaza," anatero. "Ukausalaza, mawa wina akanena zina, abale ati tinabisa kanthu. Umanena yemwe wakuuza ndi pamene anakhala. Mayiwa anali kumbuyo, mutu wa amuna awo uli pamiyendo. Uyu anali kutsogolo, akulimbana ndi a matatu. Nanga poti mayiwa akulira, ndiye kuti akunama?"

Ndinabwerera ku Lang'ata mutu ukutentha. Ndinawerenganso nkhani zonse za munthu wa ku Kufa uja, ulendo uno osafunsa kuti ankakonda ndani, koma kuti mboni iliyonse inaima pati. Zinali pompo nthawi yonseyi, ine osaziona. Mboni zina zinali za gulu la ophedwa, zina zinali asilikali a gulu lopha. Pamene nkhani sizinkagwirizana anazisiya choncho, iliyonse ndi mwini wake. Mutu wachitatu ndinaulembanso wonse. Aphunzitsi anauwerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuti, "Sawa. Koma ukadziyankhira wekha."

Tsiku loyesedwa shehe uja sanataye nthawi. Anatsegula pa mutu womwewo.

"Akuluakulu athu anamukana munthuyu. Iyeyu ankamukonda wophedwayo. Inu mukumukhulupirira chifukwa chiyani?"

Ndinawauza kuti sindikhulupirira zonse. Malankhulidwe aataliatali amene akuti ophedwawo anayankhula kunkhondoko ndimawakayikira, chifukwa munthu wofa ndi ludzu salalikira choncho, ndipo analoweza ndani mivi ikugwa? Ndinavomeranso kuti akatswiri a hadisi anali ndi chifukwa chokhwimitsira, poti pa mawu a Mtumiki pamamangidwa lamulo la chipembedzo. Koma za amene anaima pati, amene anatseka njira ya kumadzi, amene anathawa, imeneyo ndi nkhani ya maliro, ndipo ili ndi mafunsidwe ake. Ndinawafotokozera za galimoto ya ku Donholm. Ndinati wabodza amasalaza nkhani, pamene uyu anasunga ngakhale mawu a adani, n'kutiuza aliyense pamene anakhala. Chikondi chimatiuza pofunika kusamala, sichitiuza kuti titaye mboni.

Shehe anasisita ndevu. Kenako anafunsa, "Ndiye m'galimotomo, inu mukukhulupirira mayiwo kapena woyendetsa?"

"Onse anali momwemo, shehe. Wina anamva, wina sanamve."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anandiuza kuti sakugwirizana nane pa mboni ziwiri za m'mutumo, ndipo anazitchula kuti ndikakonze pamenepo. Za mutu wonse anati ukhale, ndipo anapempha kuti ndimutumizire akawerengere ophunzira ake.

Ndinatuluka mwaulemu, chitseko ndinatseka bwinobwino ngati munthu wophunzira. Nditafika pakhonde ulemu unatha. Ndinaimba nthungululu ya ku Machinga, yaitali, mpaka mlonda wa pageti anabwera chothamanga kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, ndakhoza, ndipo ndinaimbanso ina.