Namfedwa ndi galu wa m'foni

Mkamwini wanga anali bambo wa ndevu zake, wa ng'ombe ziwiri zolimira ndi ngolo, koma ankaonera katuni. Akamasula ng'ombe masana, ankakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba yake, foni m'manja, mwana wake woyamba, mtsikana wa giredi naini, atamutsamira paphewa, n'kumaseka onse mpaka kutsokomola. Zithunzizo ankakaziikitsa ku Sinda, kwa anyamata a makompyuta aja a pamsika.

Ine sindinazionepo. Mpongozi sayandikira pamene pakhala mkamwini. Ndinkangomvera kusekako ndili pakhonde panga, n'kumadzifunsa kuti munthu wamkulu angapezemo chiyani m'zidole za ana. Ndinkati mwina muli akazi m'menemo. Tsiku lina ndinamukokera pambali mdzukulu wangayo, iye n'kuti, "Ambuya, ndi galu chabe ndi bakha." Sindinamukhulupirire. Mwana amabisira atate wake.

Mkamwiniyo anamwalira chimanga chili chachiwisi. Mbozi zinali zitalowa m'thonje, ndipo m'mawa wa tsikulo iye ndi mwana wanga anakangana. Mwana wanga ankati akagule mankhwala opopera lero lomwe, iye ankati mawa. Mawu anakwera, anthu opita kuchitsime anamva. Potsiriza mkamwiniyo anatenga njinga. Lole inamupeza pamsewu wa tala asanafike n'ku Sinda komwe.

Kwawo kwa malemu ndi cha ku Vubwi, kufupi ndi malire. Abale ake anabwera, tinaika maliro, koma atsibweni ake, eni mbumba, sanathe kufika chifukwa mitsinje inali itadzaza. Popanda iwo sitikanameta, ndipo za katundu sizikanakambidwa. Choncho ena anabwerera, n'kutisiyira awiri: mlongo wake wa malemu, amene anati adzigona ndi namfedwa, ndi mng'ono wake wamwamuna, amene anati adzidyetsa ng'ombe.

Ine kudyetsa kumeneko ndinakuona bwino. Ankazitsegula kukamwa kuona mano. Ankagogoda matayala a ngolo. Mlongoyo naye maso ake sankakhala pamodzi. Akalowa m'nyumba amayamba kudenga, kumalata, n'kutsikira kumipando. Ndipo kuchitsime mawu anali atayamba kale kuyenda akuti mwana wanga anachita kumutuma mwamuna wake ku imfa. Ndikudziwa kuti lamulo la boma lilipo loteteza amasiye, koma limakhala ku Katete, pamene ng'ombe zikangowoloka malire sizibwerera. Popanda ng'ombezo mwana wanga, ndi ana anayi, akanabwerera kukhasu.

Ndinamuuza mwana wanga kuti, "Nkhope pansi. Usayankhe munthu. Akakupatsa chakudya, idya pang'ono, usamalize. Akukuwerenga."

Iye sankafunikanso kuuzidwa. Chiikireni maliro sanalankhule. Sankaliranso. Ankangokhala pamphasa m'chipinda, miyendo atawongola, kuyang'ana khoma. Zimenezi zinkandiopsa kuposa kulira.

Masana ena, dzuwa litangowala pambuyo pa mvula, ndinali pabwalo ndi mlongo uja tikusadzula nkhwani. Sitinkayankhulana zambiri. Mwadzidzidzi m'nyumba ya namfedwa munamveka kuseka. Sikunali kwa mdzukulu. Mawu a mwana wanga ndimawadziwa chibadwire chake. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kotalika.

Manja a mayi uja anaima.

"Ndi ndani ameneyo, amama?"

"Akulira," ndinatero. "Chimamugwira motero masana."

"Kwathu salira choncho."

Ndinaimirira n'kulowa. Ndinawapeza awiri pamphasa, mwana wanga ndi mdzukulu, mitu ataigunditsa, foni ya malemu ili pakati. Ndinaitsomphola. Mdzukuluyo anandigwira dzanja.

"Ambuya, ndine ndawaonetsa. Onani, adya phala lonse."

"Khala chete, iwe! Ukufuna kuti mudzilima ndi zala?"

Nditatembenuka, mlongo uja anali pakhomo, nkhwani zikadali m'manja. Anangoyang'ana mbale yopanda kanthuyo, n'kuyang'ana nkhope ya mlamu wake, imene kuseka kunali kusanachokeretu. Kenako anabwerera pabwalo n'kupitiriza ntchito yake. Munthu akakalipa umadziwa polowera. Uyu anasunga mumtima.

Foniyo ndinaimanga m'chitenje changa, ndipo sinachokemo mpaka atsibweni aja atafika, madzi ataphwera. Anali nkhalamba yowonda, yoyankhula ngati ikusunga mawu. Tinakhala pabwalo, amuna pamipando, akazi pamphasa, namfedwa pakati atafunda nsalu kumutu. Anthu a m'mudzi anadzaza m'mbali, ena amene ndikudziwa kuti anabwerera kudzaona tikugwa.

Mlongo uja sanadikire. Atangopatsidwa mpata anagwada n'kuyamba.

"Atsibweni, ine ndakhala pano. Ndaona ndi maso, ndamva ndi makutu. Dothi la pamanda a mlongo wanga lisanaume, alamu angawa anaseka. Osati kumwetulira. Chikhakhali! Munthu amene anamuthamangitsa m'mawa kuti akafere pamsewu. Ndiye ife tisiye thukuta la m'bale wathu m'manja mwa munthu wokondwa?"

Anthu anang'ung'udza. Ine bodza langa ndinali nditalikonza kale. Ndinawomba m'manja.

"Pepani, eni mbumba. Amene anaseka ndine. Ukalamba, mutu umasokonekera."

"Amama," mayi uja anatero osandiyang'ana, "inu munali ndi ine panja. Kapena muli ndi pakamwa pawiri, pena mumasiya m'nyumba?"

Ena anaseka cham'munsi. Ndisanapeze poyankhira, pansi pa nsalu paja panatuluka mawu, oyamba kuwamva pagulu chimwalirireni mwamuna wake.

"Ndinaseka ndine."

Ndinamutsina pantchafu, koma sanasunthe.

Atsibweni anamuyang'ana nthawi yaitali. "Chinakuseketsani n'chiyani, mayi?"

"Za m'foni ya bambo a ana. Katuni."

"Za ana zija?"

"Ankazikonda iwo."

"Tiyeni tione."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinamasula mfundo ya chitenje pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti moto wa m'foni ukhale utatha. Unalimo. Mdzukulu wanga anagwada pafupi ndi nkhalambayo, n'kudina, n'kuigwirizira foniyo. Amuna anasendeza mipando. Mng'ono wa malemu anasuzumira paphewa pa atsibweni ake, mlongo uja anakwawa ndi mawondo kufika pafupi. Nanenso ndinayandikira. Kanali koyamba kuona chimene mkamwini wanga ankaseka zaka zonse zija.

Analidi galu, wamakutu aatali, wovala kabudula. Ankathamangitsa kabakha ndi chikwanje. Sankayankhula, kunkangolira tinyimbo. Kabakhako kanawoloka msewu, galu pambuyo. Ndiye pakona panatulukira chilole chofiira.

Ndinafuna kuphimba foniyo ndi dzanja, koma ndinachedwa. Chilolecho chinamuponda galuyo n'kupitirira. Anatsala pamsewu ataphwatalala ngati chikopa choyanika.

Mlongo uja anakuwa. "Mwaona? Mwaona, atsibweni? Izi ndi zimene amaseka! Lole! Mayo ine, mlongo wanga!" Anadzigwetsa pansi. Akazi a mbali yawo anayamba kulira, ndipo kumbuyo wina anati, "Ufiti weniweni." Pamenepo ndinadziwa kuti ng'ombe zapita, ndipo mwina si ng'ombe zokha. Dzina lotere likakumata, ngakhale ana ako sakwatiwa.

Koma mdzukulu wanga sanatsitse dzanja. M'fonimo chikopa chija chinatukula mutu. Chinaimirira chili chopyapyala chomwecho, n'kumayenda chikupepesuka ndi mphepo. Kenako chinaika chala m'kamwa, n'kupuzira, n'kupuzira, mpaka galu anafufuma, kupitirira muyeso, n'kukhala ngati dzungu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutola chikwanje chake.

Wina anaphulika kuseka m'mphuno.

Anali mng'ono wa malemu, woyeza mano a ng'ombe uja. Anayesa kusandutsa chifuwa, koma anthu onse anali atamva. Atsibweni anatembenuka pampando.

"Waseka, iwe?"

"Iyayi, atsibweni, fodya."

"Fodya uti? Amene wafayu ndi mkulu wako, mimba imodzi. Nawenso unamutuma?"

Mwamunayo anayang'ana pansi. Mlongo uja ankasisimabe. Ndipamene mwana wanga anachotsa nsalu kumutu.

"Alamu," anatero, "ine ndinapita kukamuona pamsewu paja. Inu simunaone. Ndikatseka maso ndimaona zomwezo, ndikatsegula ndimaona zomwezo. Mwanayu anandibweretsera foni, ndinati achotse. Koma galu uyu amadzuka. Amupondeponde, amadzuka. Ndinabwereza kaya kangati. Sindinadziwe n'komwe kuti ndikuseka."

Ine ndinkayang'ana nkhope za anthu a ku Vubwi imodziimodzi kuti ndione amene wafewa ndi amene akungodikira. Mlongo uja sanafewe. Anapukuta misozi n'kunena kuti mwambo ndi mwambo, namfedwa saseka asanamete, kaya galu adzuke kaya asadzuke.

Nkhalambayo inavomera ndi mutu. Inati apo wanena zoona, ndipo mbumba yathu ipereke mbuzi yopepesera. Kenako inati za kutuma munthu ku imfa isazimvenso, chifukwa palibe nyumba imene sakanganirana mbozi za m'thonje. Ng'ombe ndi ngolo ndi za ana, zikhala pomwe pali ana.

"Nanga foni?" anatero mlongo uja. "Ndi ya mlongo wanga. Isatsale kuno adziseka nayo."

Mdzukulu wanga anaikumbatira pachifuwa n'kundiyang'ana. Ndinamuyankha ndi diso. Anali atamva bwino zimene zinapulumuka, ndipo sanali mwana woti n'kumufotokozera kawiri. Anaipereka ndi manja awiri n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Tinameta tsiku lomwelo. Mbuzi inachoka m'khola langa, yaikazi, yabere, chifukwa yaing'ono anaikana. M'mawa mwake alendo ananyamuka, ndipo ine ndinawaperekeza mpaka pamphambano, kupitirira pamene munthu amabwererera. Atsibweni aja anandiyamika kuti ndine mayi waulemu. Ndinawomba m'manja, n'kuima pomwepo kutsimikiza kuti apitadi, mpaka mng'ono wa malemu, amene ankatsalira m'mbuyo ndi mbuzi, atalowa m'chigwa n'kutulukira tsidya linalo.