Kachitsulo Koyezera Oyilo

Ndine ndinathyola kachitsulo koyezera oyilo mu thirakitala yakale pa famu ina kufupi ndi Ivory Park, m'dziko la eni kumene ndinkagwira ntchito. Ndinakakoka mopotoza, theka n'kutsalira mu injini, ndipo ndinabwezera chogwirira chake ngati palibe chachitika.

Bwana atafunsa, ndinangoyang'ana Che Saidi, dalaivala wa ku Mangochi amene anandipezera ntchitoyo. Sindinatchule dzina. Maso okha anakwanira, ndipo Che Saidi anauzidwa kuti Lachisanu achoke.

Komabe masanawo anapinda waya ngati mbedza n'kuyamba kuwedza m'paipi yolowetsamo kachitsulo kaja.

"Achimwene, inu mungogwira tochi, zinazi musakhudze," anatero akuseka.

Atatulutsa kachidutswa kotsalira kaja, anakapukuta pa ovololo n'kukaika m'dzanja langa. "Sungani, n'kanu."

Anachokadi Lachisanu. Kulemba ndaphunzira nditakalamba, koma kalata yopita kwa iwo imangothera pa moni.