Tepi ya Achimwene

Kuchipatala ankamutchula kuti Nalabu, chifukwa anatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'labu, kachipinda koyezera magazi, kumapeto kwa khonde lalitali. Anali mayi wosakhazikika. Tiyi ankamwa choimirira, ndipo akamayankhula nawe maso amakhala ali pa wotchi. Tchalitchi anasiya mwakachetechete akadali mtsikana. Lamlungu lina anatsala pakhomo kuti achape, basi kuyambira pamenepo zochapazo sizinathenso. Ukamufunsa chimene amakhulupirira, ankayankha kuti amakhulupirira chinthu chimene wachiyeza kawiri.

Mtima woyezawu anautengera kwa achimwene ake, amene anamulera makolo awo atamwalira. Iwo anali telala, ndipo sukulu yonse ya Nalabu inatuluka m'makina awo osokera, m'kachipinda kopanikizana kuseri kwa sitolo ya utoto. Pa zaka makumi anayi sanadulepo nsalu pongomvera zonena za mwiniwake. Abwana amimba zawo ankabwera n'kulumbira kuti chiuno chawo sichinasinthe chikwatirire, koma achimwene ankangomwetulira, n'kuwazunguliza tepi, n'kulemba m'kabuku ka miyeso. Ankakonda kunena kuti kasitomala amanama, koma tepi sinama.

Matenda a shuga anawapeza nawo ndi Nalabu yemweyo. Achimwenewo anamwa mapiritsi zaka ziwiri mosadumphitsa. Kenako analowa mpingo wina, anawapempherera, ndipo abusa anawauza kuti achira. Anawauzanso kuti munthu wochira akamamwabe mankhwala ndiye kuti akukayikira amene wamuchiritsa. Tsiku lomwelo mapiritsi onse anathera m'chimbudzi.

Apa Nalabu analakwitsa, ndipo analakwitsa mwa anthu ophunzira. Anapita ndi mapepala. Atawakana, anapita ndi mapepala ambiri. Anawaonetsa zithunzi za mapazi odulidwa iwo akudya. Anawafotokozera mmene shuga amawonongera maso ndi impso, akugogoda patebulo ngati mphunzitsi wa ana osamva. Tsiku lomaliza lilime linamuterereka, n'kunena kuti abusawo ndi tambwali ndipo owatsatira ndi nkhosa zenizeni. Achimwene anaimitsa makina, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti sanamuphunzitse sukulu kuti adzawatukwanire Mulungu wawo, ndiponso kuti kamakina kake kobaya chala kasadzapondenso pakhomo pawo.

Inapita miyezi isanu. Nalabu anali ndi mantha, ndipo manthawo sankamulola kukhala pansi. Akaweruka ankatsika basi patali dala kuti adutse mumsewu wa achimwene, tsidya linalo, n'kumasuzumira pakhomo ngati wakuba. Nkhani ankazimva kwa alamu ake pafoni, monong'ona. Akuti bambowo ankamwa madzi ngati ndowa yobooka. Akuti m'mawa uliwonse, alamuwo asanapite kumsika, ankawalowetsera ulusi m'singano khumi n'kuzibaya pakansalu, chifukwa iwo bowo la singano sankalionanso. Nalabu atamva zimenezi anafuna kuthamangira komweko ndi mapepala ena, koma alamu anamuletsa. Anamufunsa kuti munthu amene wamutukwanira Mulungu wake angakupatse bwanji chala, n'kumukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha ndiye kumene Nalabu sanabadwe nako.

Ndi alamu omwewo amene anamuuza kuti achimwene akukonzekera kukapereka umboni kutsogolo kwa mpingo wonse, poti chinali chitakwana chaka chichirireni. Nalabu anayenda m'tauni masana onse mutu uli gwa, ndipo mapeto ake anapezeka atagula nsalu ya suti yabuluu, yodula kuposa imene iye anavalapo. Anakaisiya patebulo lodulira la achimwene, kuti adzisokere suti yokavala kuumboniko. Ananena kuti anawalankhula mwachipongwe ndipo akupepesa, koma sananame kuti wasintha maganizo. Anawonjezera kuti kuumboniko adzabwera kudzamvera. Achimwene anaisisita nsaluyo ndi chikhatho, n'kumuuza kuti abwere Loweruka masana adzaione itasokedwa.

Lowerukalo anafika msanga. Kamakina koyezera shuga kanali m'chikwama, mmene kankakhalira miyezi yonseyi, koma zipi sanaikhudze. Achimwene anatuluka kuseri kwa katani atavala sutiyo.

Jekete linali lendee m'mapewa, manja ake ataphimba zala. Thalauza analigwira ndi dzanja limodzi kuti lisagwe. Nalabu anaona kabuku ka miyeso kali chotsegula pafupi ndi choko, pa tsamba lakale lachikasu, ndipo anamvetsa chimene chinachitika. Munthu amene sanadulepo nsalu ya wina osayeza anali atadula yake potengera miyeso ya zaka zitatu zapitazo. Anakhulupirira kuti wochira amabwerera mwakale, ndiye kuyeza kunali kwa chiyani.

Mawu onse a m'mapepala aja anabwera n'kudzaza m'kamwa mwa Nalabu. Anawameza. Analuma mlomo mpaka kumva kuwawa, n'kungofunsa funso limodzi.

"Achimwene, munayeza?"

Iwo anayankha kuti thupi lawo amalidziwa. Anadziyang'ana pagalasi, anakoka jekete kumbuyo, analisiya, linabwerera pomwe linali. Pamsewu panadutsa galimoto ikuliza nyimbo, mpaka phokoso lake linazilala. Kenako anatenga tepi imene inali pamsomali, anaizunguliza m'chiuno, n'kutsina ndi chala pamene yakumana. Anaibweretsa pafupi ndi maso. Anaitalikitsa. Anapita pakhomo pamene panali kuwala, n'kuyesanso. Nalabu anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

"Tawerenga, iwe," anatero osamuyang'ana.

Nalabu anawerenga. Mainchesi makumi atatu ndi imodzi. M'kabukumo munali makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Achimwene anamuuza kuti ayeze yekha, poti mwina chala chawo chinatsetsereka. Anagwada, anawazunguliza tepi ija mmene ankawaonera akuchitira ali mwana, ndipo dzanja lake linakhudza mafupa. Nambala inali yomweyo.

Achimwene anakhala pampando wa makina thalauza ali chigwirire. Ananena kuti mawa kutchalitchi apitabe, ndipo wina asaganize kuti asiya kupemphera chifukwa cha kansalu. Nalabu anati sanabwere kudzawaletsa, ndipo mawa adzakhala pa benchi yakumbuyo monga analonjezera. Anamufunsa kuti nanga akaimirira kutsogoloko akanena chiyani. Iye anayankha kuti sakudziwa. Za iwo ndi Mulungu wawo analibe nazo mawu, iye ankadziwa za magazi basi, ndiponso kuti mchimwene ali naye mmodzi yekha.

Achimwene anapinda tepi ija pang'onopang'ono mpaka inakwana m'chikhatho. Ataiika patebulo, analoza chikwama ndi chibwano.

"Kali m'menemo, ndikudziwa. Iwe sungayende osakatenga."

Nalabu anatsegula zipi. Achimwene anakwinya dzanja la jekete lalitalilo, anatambasula zala, n'kubweza chimodzi.

"Ichi ayi, n'chogwirira singano. Baya ichi."

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu Nalabu anali atabaya zala za anthu osawerengeka, za makanda olira ndi za nkhalamba zonjenjemera, osaphonyapo. Tsiku limenelo achimwene ndi amene anamugwira pamkono kuti alase bwino.