Matekisi a Mtumwi Jimmy

Abambo Jerome Chikaonda anafika ku Joni ali mnyamata, kuchokera ku Dedza. Anayamba ntchito kumgodi, koma chifuwa chitawavuta anakakhala mlonda pa nyumba yosungiramo katundu ku Marlboro mpaka kukalamba. Ku Diepsloot, komwe ankakhala ndi mwana wawo Thandizo, Amalawi onse ankawadziwa kuti ndi munthu wosanama.

Chaka chimene anapuma ntchito, kutchalitchi kwawo, komwe kunali tenti chabe, kunabwera m'busa watsopano, Mtumwi Jimmy. Ankayendera odwala, ndipo popereka moni kwa akuluakulu ankagwada. Tsiku lina anafika pakhomo pa abambo Jerome.

"Bambo, Mulungu wandionetsa masomphenya," anatero Mtumwi. "Okalamba athu asonkhe, tigule matekisi a mpingo, azilandira phindu mwezi ndi mwezi. Koma ine ndine mwana. Anthu amamvera inu."

Abambo Jerome anapereka penshoni yawo yonse.

"Adadi, tekisiyo mwaionapo ngakhale imodzi?" Thandizo anafunsa.

"Mwanangu, munthu wa Mulungu safunsidwa ngati wakuba."

Miyezi yoyamba phindu linabweradi. Mtumwi anawapatsa mpando wakutsogolo, iwo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kukopa anzawo. Mayi Agnesi, amene anakalambira kuchapa zovala za mabwana ndipo ankasunga ndalama zokamangira nyumba ku Mulanje, anawauza kuti, "Achimwene, Mtumwiyu ine sindikumudziwa. Ndikupereka chifukwa cha inu."

Kenako phindu linasiya kubwera. Mtumwi anati matekisi agwidwa ndi apolisi, mpingo usale kudya. Anasala. Lamlungu lina anthu anapeza tenti itachotsedwa, patatsala mabowo a zikhomo.

Ambiri anaopa kupita kupolisi chifukwa analibe mapepala okhalira m'dzikomo. Abambo Jerome anapita okha. Apolisi analemba dandaulo lawo, koma mpaka lero sanaitanidwe.

Palibe anawatukwana, anthu anangosiya kuwapatsa moni. Mayi Agnesi anabwerera kokachapa, miyendo ili yotupa. Abambo Jerome atapita kukapepesa, mayiwo anawapatsa mpando ndi tiyi, koma anangopitiriza ntchito zawo mpaka mlendo anadzuka.

Masiku ano abambo Jerome amalawirira ku Kya Sand kukaima m'mbali mwa msewu pamodzi ndi anyamata ofuna ganyu. Magalimoto akaima amatenga amphamvu. Iwo amatsokomola, n'kubwerera masana.

Posachedwapa Thandizo anawaonetsa kanema pafoni. Anali Jimmy yemwe uja, akulalikira m'tauni ina yakutali, ndi dzina lina. Pampando wakutsogolo panali bambo wina waimvi, atavala jekete, akuwomba m'manja.

"Palibe njira yowachenjezera akuluwa?" anafunsa abambo Jerome.

"Sitikuwadziwa ndi dzina lomwe, adadi. Ndiponso sangamve."

Abambo Jerome anaonerera kanemayo mpaka kumapeto, n'kubweza foni.